Mphini za pa Mfuti ya Asewele

Lolemba

Mpini wa mfuti wafika! Waubweretsa Callum, mnyamata amene akufuna kukwatira mwana wanga Thoko. Waukulunga m'bulangete ngati khanda lotuluka kuchipatala, ndipo wakwera nawo masitepe onse a nyumba yathu ino ya ku Govanhill, kuno ku Glasgow, mpaka pamwamba osapumira. Mphamvu ali nazo. Nzeru ndikufufuzabe.

Ndilembe mmene zayambira, kuti zidzukulu zidzadziwe kuti agogo awo sanali munthu wamba. Dzulo titaweruka kutchalitchi tinakadya kwa bambo ake a Callum, a Duncan, ku Dennistoun. Asewele angawa ndi bambo wamasiye, ndipo anali kalipentala kumalo okhomera sitima zapamadzi ku Govan. Chipumireni pantchito alibe chochita china koma kusisita mfuti zakale zosakira agwape. Mfuti zake n'zakufa, anazitseka kukhosi, sizingaphe ngakhale njiwa, koma mwini wake amaziyang'ana ngati ng'ombe zamkaka. Titatha kudya anatulutsa imodzi, ya malemu bambo awo, n'kuyamba kufotokoza kuti nyengo yozizira yonseyi akhala akukonza mtengo wake. Aliyense kukamwa yasa: "Eee, koma ndiye yakongola!" Ine ndinangopukuta pakamwa n'kunena m'Chingelezi changa chija chosasweka kuti, "Si yoipa. Koma diso la munthu wodziwa likhoza kuona zina."

Mayi a Thoko anandiponda chala pansi pa tebulo. Asewele nkhope inawala. Akuti akhala akusowa munthu wowauza chilungamo, poti ena onse amangoyamikira. Ndiye anati anditumizira mtengowo ndiuyang'ane sabata yonse, Loweruka mabanja akamakumana kukambirana za ukwati ndikapereke chigamulo.

Zitsulo zonse zatsala kwawo, azikhomera m'kabati pamodzi ndi mapepala ake. Ine andipatsa mtengo wokha, uja munthu amatsamiritsa paphewa akamawombera. Iwo ali ndi dzina lake lachizungu. Ine ndikuti mpini, chifukwa ndi mpini.

Zondiyenereza pa ntchito imeneyi:
- Malume anga ku Dedza anali ndi mfuti ya gogodela, ndipo ndinaigwirapo.
- Mipini ya makasu ndasemapo yosawerengeka.
- Maso ndili nawo, magalasinso ndili nawo.

Pogwira dzanja pali timizere tosemedwa mopingasana, tothithikana, mpaka mtengo kuoneka ngati khungu la chinanazi. Akuti n'zoti dzanja lisamaterereke kukagwa mvula. Ine ndikuzitcha mphini. Asewele akuti zakalezo zinafufutika ndi thukuta la bambo awo, ndiye iwo azitemanso, mzere umodziumodzi, ndi kachitsulo kapadera. Nyengo yozizira yathunthu! Kwathu pa nthawi yotereyi munthu waumba njerwa, wawotcha, wamanga nyumba, wafolera.

Pulani yanga ndi iyi: kuyang'ana basi. Sindikhudza kanthu. Loweruka ndiimirire, nditsokomole pang'ono, nditchule zolakwika chimodzichimodzi, pomaliza ndiwayamikireko kuti asalire. Akuchimuna adziwe kuti akutenga mwana wa yani.

Mayi a Thoko akuti, "Bambo a Thoko, chinthucho n'cha malemu a eni ake. Chiikeni pamwamba pa kabati mpaka Loweruka." Manesi! Chilichonse kwa iwo chimafunika kugonekedwa.

Lachiwiri

Shifiti yam'mawa kunyumba ya okalamba. Ndikudyetsa agogo achizungu phala, maganizo onse ali pa mpini. Ndawauza agogo ena kuti ndasankhidwa kuyesa ntchito ya katswiri wa mfuti. Andifunsa ngati basi ya ku Paisley yadutsa. Anthu saona kufunika kwa zinthu.

Nditaweruka, tebulo la kukhitchini ndalisandutsa ofesi. Zida:
- katochi ka mayi a Thoko koonera kukhosi kwa odwala
- galasi lokulitsa zinthu, la m'kasitolo ka pakona komwe amagulitsa chilichonse, kuyambira therere mpaka mawaya a foni
- rula ya Thoko ya kusekondale

Zomwe ndapeza n'zomvetsa chisoni.

Choyamba, timizere ta kumanzere n'tozama, ta kumanja n'tosazama. Zikuoneka kuti pofika kumanja munthu anali atatopa, kapena ketulo inali itawira.

Chachiwiri, pakona pena mzere umodzi wadutsa malire n'kukalowa pamalo osalala. Pang'ono pokha, ngati katsitsi ka m'chikope. Koma wadutsa!

Chachitatu, timitu ta chinanazi tina n'tosongoka, tina n'tophwatalala. Palibe mwambo.

Chachinayi, mtengo sukuwala. Asewele akuti amapaka mafuta otchedwa linsidi ndi chikhatho, kadontho kamodzi, n'kudikira aume, n'kupakanso kadontho kena. Kuumira kumeneku! Zitseko za tchalitchi cha kumudzi kwathu zimawala kuposa apa, ndipo vanishi wake tinapaka tsiku limodzi, tikuimba.

Chachisanu, ndiponso chachikulu: kumunsi, pafupi ndi potsamiritsa phewa, pali kadzenje ngati pamene panagunda mwala. Koonekeratu! Munthu wakhala miyezi akusuzumira mtengo umenewu, kadzenje ngati aka osakaona. Ndiye akuti kalipentala wopuma. Anachita bwino kupuma.

Ndayesa kuwerenga timizere. Ulendo uliwonse ndikupeza nambala ina. Umboni winanso woti ntchito siinayende bwino.

Thoko waimba foni. Mwana ameneyu tinabwera naye kuno akulankhula Chichewa chomveka bwino. Lero amangoyankha m'Chingelezi cha ku Glasgow, chomveka ngati munthu ali ndi mbatata yotentha mkamwa. Akuti, "Adadi, chonde, mudzangonena kuti ndi yokongola." Akutinso mpini umenewu a Duncan salola aliyense kuugwira, ngakhale Callum anachita kulumbira asanaunyamule. Ndiye kuti asewele, ngakhale ali ndi zofooka, amadziwa kusankha anthu.

A Mbewe nawo aimba. Ndi mkulu wampingo kutchalitchi kwathu, ndiponso ndi iwo nkhoswe ya Thoko. Ndawauza za kadzenje. Akuti anaonera vidiyo pafoni: umaika nsalu yonyowa, n'kudinda ndi ayironi yotentha, mtengo umafufuma wokha. Ndawauza kuti zimenezo ndinazidziwa kalekale. A Mbewe akaonera vidiyo imodzi amasanduka pulofesa.

Sindikhudza kanthu. Kuyang'ana basi.

Lachitatu

Lero sindili pantchito. Mayi a Thoko apita kuchipatala ku Govan, shifiti yaitali. Panja mvula. M'nyumba tatsala ine, mpini ndi kadzenje.

Ndayamba ndi kuyeserera chigamulo pagalasi la kubafa. Kutsokomola kuli bwino. Kugwedeza mutu mwachisoni kuli bwino kwambiri. Koma mawu okha akumveka opepuka. Pakusowa chinachake choti anthu agwire pakamwa.

Kadzenje kakundiyang'ana.

Ndaganiza mofatsa. Kunena kuti chinthu chalakwika aliyense angathe, ngakhale a Mbewe. Koma kufika Loweruka n'kunena kuti, "Panali kadzenje apa, asewele, ndakukonzerani," pamenepo ndiye anthu amaimirira. Kumeneku sikukhudza. N'kuthandiza.

Nsalu yopukutira mbale, yonyowa. Ayironi. Tsaaa! Ndavundukula: kadzenje kalipo. Ayironi za kuno zilibe moto, si zija zamakala. Ndapotokola kabatani kowonjezera kutentha mpaka pamapeto. Tsaaaaa! Nthunzi khitchini yonse, magalasi achita chifunga, kachipangizo kochenjeza za moto kayamba kukuwa padenga. Ndakakupiza ndi buku la nyimbo. Mayi wa fulati ya pansi akugogoda denga lake ndi tsache. Munthu ameneyu galu wake amauwa tsiku lonse, ine sindinagogodepo.

Ndavundukulanso. Kadzenje kapita! Kafufuma ndithu, ukayendetsa chala sukumva kanthu. Chimene chawalephera asewele miyezi yonseyi, ine ndamaliza tiyi asanazizire.

Vuto lochepa: pamene panali kadzenje tsopano pali banga loyera, ngati chipere pamutu pa mwana. Likuoneka ngati mphuno ya ayironi. Ndikapendeketsa, likuonekabe ngati mphuno ya ayironi. Ngakhale timabowo totulutsa nthunzi tajambulika.

Wolakwa ndi linsidi. Mafuta enieni sangathawe nthunzi. Ndawonjezera pa zolakwika za asewele: mafuta opanda mphamvu.

Pachoka mafuta, pabwerere mafuta. M'kabati muli ophikira, botolo lalikulu, abwino, sitinadwalepo nawo. Ine si wa kadontho. Ndathira mowolowa manja, ndasisita ndi chikhatho mpaka kutentha. Banga lada. Mwina lada mopitirira, koma lada.

Mpini ndaukulunga, ndauika pamwamba pa kabati.

Mayi a Thoko pofika aona tebulo lili mbee, mpini uli pamwamba. Akuti, "Mwandimvera? Simukudwala?" Kenako aona ayironi pafupi ndi sinki. "Mwasita chiyani, poti malaya anu onse akadali makwinya okhaokha?" Ndawauza kuti ndimaiyesa ngati ikugwira ntchito. Akuti, "Nanga ikugwira?"

Ikugwira.

Lachinayi

Mafuta ayenda. Anawatuma ndani? Achoka pabanga, atsetsereka mpaka m'mphini, adzaza timizere tonse ta kumanzere. Bulangete nalo lataya ubweya wake mmenemo. Chinanazi chamera tsitsi. Fungo lake ngati pachiwaya cha tchipisi.

Ndisanapite ku shifiti yamasana, ntchito yoyeretsa:
- Mswachi wakale: ukungoyendetsa mafuta uku ndi uko.
- Sopo wotsukira mbale: thovu lambiri, mtengo wayamba kutuwa.
- Sitiluwulu, uja timakwechesera mapoto: uyu ndiye mwamuna! Ubweya wachoka, mafuta achoka.

Timitu ta chinanazi natonso tachoka.

Si tonse. Malo aakulu ngati chala chachikulu basi. Pamenepo tsopano n'posalala ngati dazi la a Mbewe. Mtengo umenewu akuti ndi wolonati, wolemekezeka, wochokera kutali. Mtengo wanji woopa sitiluwulu? Mlombwa ukanangoseka. Azungu amatamanda zinthu zofewa.

A Mbewe adutsa popita kuntchito kwawo, akuti adzaone zotsatira za vidiyo yawo. Ayang'ana. Avula chipewa. Akuti, "Achimwene, mu vidiyo muja sitiluwulu munalibe." Kenako, "Ine monga nkhoswe sindinaone kanthu." Atsika masitepe mothamanga, bondo lawo lodwala lija lachira pomwepo. Abwenzi a masiku ano!

Atangopita, kugogoda kwina. Callum. Akuti amadutsa, ndiye anati afunse mmene kuyesa kukuyendera. Ndatsegula chitseko pongokwana mphuno. Ndamuuza kuti woyesa salankhula ndi wachibale wa woyesedwa mpaka chigamulo chituluke. Wapepesa. Wanunkhiza mpweya n'kunena kuti zophikazo zikununkhira bwino. Kafukufuku wanga wa nzeru zake akupitirira.

Kuntchito ndawaveka agogo ena juzi chakumbuyo. Sanadandaule. Anthu olemekezeka.

Asewele atumiza uthenga pafoni. Akuti akuyembekeza Loweruka ngati mwana woyembekeza zotsatira za mayeso, ndipo ndisawanyengerere. Aikaponso kankhope komwetulira. Munthu wamkulu, waimvi, kankhope komwetulira!

Ndawayankha kuti zomwe ndapeza n'zambiri.

Pulani yatsopano: mawa nditemanso mphini padazi paja. Ngati munthu wa maso ofooka ngati iwo anatha, nanga ine? Ndi mizere chabe. Uwu upite uko, uwo ubwere kuno.

Lachisanu

Kachitsulo kapadera ndilibe, ndipo sindikukafuna. Amisiri a kwathu amasema mpando wathunthu ndi kasemasema ndi mpeni. Ndasankha mpeni wosendera mbatata, ndaunola kunsi kwa kapu.

Mzere woyamba: wabwino. Wowongoka kuposa ya asewele, kungoti ukulowera kwina.

Wachiwiri: wakumana ndi woyamba pamalo pomwe sanayenera kukumana.

Wachitatu: ndakanikiza kuti uzame. Mpeni waterereka pa mafuta otsalira, wathamanga, watuluka m'mphini, wadutsa pamalo onse osalala mpaka kukaima pa chala changa chachikulu.

Mayo!

Magazi patebulo, magazi pa rula, magazi pa wolonati. Mtengo umene unataya linsidi mosavuta wamwa magazi anga osanyinyirika. Ndipo pakati pake pali mzere watsopano, woyera, wautali ngati msewu wa ku Mchinji.

Mayi a Thoko anali kuchipinda, lero akupuma. Abwera akuthamanga. Ayamba amanga chala, mwaluso, pamenepo ndiwayamikire. Atamaliza atembenukira kumpini. Auyang'ana nthawi yaitali. Aununkhiza. Akhala pampando.

Akuti, "Mphuno ya ayironi yanga iyi."

Ndafotokoza za linsidi, za kufewa kwa wolonati, za vidiyo ya a Mbewe. Akuti, "Bambo a Thoko, ine ndimasamalira anthu ovulala mutu. Amafotokoza zomveka kuposa izi."

Maganizo anga opulumutsira zinthu, ndi mayankho awo:
- Tinene kuti unagwa pakabati. "Unagwera pa ayironi?"
- Tinene kuti Callum anaubweretsa uli choncho. "Mukufuna mwana wanu akwatiwe kapena ayi?"
- Ndidwale mawa. "Ndine nesi."

Aimbira Thoko. Wabwera kuchokera kuntchito atanyowa ndi mvula. Ndimayembekeza phokoso la Chingelezi chija. Ayi. Wagwira mpini ndi manja awiri, wayendetsa chala pamzere wanga, n'kunena m'Chichewa, chomveka bwinobwino, chimene sindinamumve nacho zaka zambiri: "Adadi, mwandichititsa manyazi." Watuluka. Chitseko sanamenyetse n'komwe. Akanamenyetsa bwenzi zili bwinoko.

Kani Chichewa amachidziwa.

Ndatsala ndekha ndi mpini. Polishi wa nsapato, wofiirira. Ndadzaza mumzere, ndapaka pabanga, ndapukuta ndi sokosi. Ukaima pakhomo, makatani atatsekedwa, n'kutsinzina diso limodzi, sizikuoneka kwenikweni.

Loweruka

Bulangete lija likununkha tchipisi, ndiye mpini taukulunga m'chitenje. M'basi mayi a Thoko akhala mpando wina, kutsogolo. Akuti munthu wakuda wonyamula chinthu chooneka ngati mfuti aziyenda yekha. Ndaunyamula ngati maluwa. Palibe wandiyang'ana. Mzinda uno ukhoza kukwera basi ndi mbuzi.

Kwa asewele: tiyi, masikono, mabisiketi ouma. Alipo eni nyumba, Callum, Thoko, a Mbewe ndi ife. Thoko akuyang'ana makatani. Nkhani za ukwati zayamba: holo, chakudya, ndiponso ngati azibambo a kwathu angavale masiketi aja amavala amuna a kuno. A Mbewe akuti iwo angavale. Ine ndikutalikitsa nkhani iliyonse. Ndafunsa za mipando, ayankha, ndafunsanso. Mwina aiwala.

Sanaiwale. Asewele asisita manja. "Tsopano, chigamulo!"

Ndaimirira, chitenje chili chikulungire m'khwapa. Ndatsokomola. Nzeru yanga: ndiwafooketse kaye ndi zolakwa zawo, kuti pofika pa zinazo tikhale ofanana.

Kumanzere kozama, kumanja kosazama. Akugwedeza mutu mokondwa: akuti n'zoona, pofika mbali imeneyo nyamakazi inali itawagwira dzanja. Timitu tosafanana. Avomera. Mzere wodutsa malire. Aomba m'manja! Akuti palibe anauonapo, ndine woyamba. Atembenukira kwa Callum: "Waona? Diso limenelo!" Ndayang'ana mayi a Thoko kuti amve. Akuyang'ana m'kapu.

Kenako ndati, "Ndiye panali kadzenje kumunsi."

Asewele amwetulira mwa mtundu wina. Akuti kameneko anakasiya dala. Ali aang'ono, bambo awo, omwe ankayang'anira agwape kumapiri a kumpoto, anawalola koyamba kunyamula mfutiyo. Asewele anaterereka pa sinowo, chipale chija chimagwa kuno, mfuti n'kugunda mwala. Anayamba kulira poopa mkwapulo. Bambo awo anangoyendetsa chala pakadzenjepo n'kunena kuti tsopano mfutiyi yakudziwa. Akuti china chilichonse pamtengowo anakonza, koma akafuna kuwakumbukira bambo awo amaika chala pamenepo.

 Kenako afunsa, "Mwati panali?"

A Mbewe apempha njira ya kuchimbudzi.

Ndapereka chitenje. Asewele amasula patebulo.  Avala magalasi. Aona mphuno ya ayironi. Aona dazi. Aona msewu wa ku Mchinji. Polishi wawadetsa zala. Kenako chala chawo chatsikira kumunsi, chikufunafuna, chikubwerera, chikufunanso. Posalala.

Ndinali nditakonza mawu okhudza linsidi. Sanatuluke.

Anyamula mpini, alowa nawo kuchipinda chawo chogwirira ntchito, atseka. Callum wawatsatira. Thoko misozi chuchuchu, osapukuta. Mayi a Thoko atsika pampando, agwada pakapeti kuyang'ana chitseko chotsekacho, ndi mawondo awo otopa aja. Andikoka buluku. Ndagwada nanenso. A Mbewe potuluka kuchimbudzi atipeza choncho, agwada osafunsa.

Asewele atuluka maso ali psuu. Adzidzimuka kupeza Amalawi ali pansi. Akuti tataya chiyani? A Mbewe ayamba kupepesa mwa unkhoswe, kuyambira pa makolo athu akale. Asewele awadula. Atidzutsa mmodzimmodzi, kuyamba ndi mayi a Thoko.

Kwa ine akuti, "Mafuta ake ndi ati?" Ndanena. "Nanga mzerewu?" Mpeni wa mbatata. Atseka maso kanthawi. Akuti dazi likhoza kutemedwanso mphini, banga lichoka, mzere wanga udzabisika koma sudzatha. Kenako, motsitsa mawu: "Kadzenje ndiye kapita."

 

Ausa moyo, n'kunena kuti akhala akuda nkhawa kuti nyengo yozizira ikubwerayi adzachita chiyani okha m'nyumba muno, poti mfuti anamaliza ndipo Callum akuchoka. "Mwandipezera ntchito yaitali. Ndipo muzibwera Loweruka lililonse kudzandigwirira nyale."

Nyale! Ine!

Mayi a Thoko ayankha m'malo mwanga kuti ndizibwera.

Tabwerera ku nkhani ya holo. Za mipando sindinafunsenso.

Lamulungu

Kutchalitchi nkhani yafika ine ndisanafike. A Mbewe, amene sanaone kanthu, auza akazi awo, ndipo akazi awo ndi a kwaya. Pakhomo mayi wina wandifunsa ngati ndimasitanso matebulo. Achinyamata akundimenyera sawatcha. Wopemphera wakumbukira odwala, apaulendo, ndi "onse amene manja awo amafulumira". Ameni wake wamveka mpaka kumsewu.

Thoko wakhala benchi lina. Potuluka wandipatsa moni m'Chingelezi. Ndiye kuti mkwiyo ukutsika. Ukwati ulipo. Wandiuza ntchito zanga pa tsikulo:
- kumuperekeza kuguwa
- kukhala pansi
- mpeni wa keke osaugwira, osauyandikira, osauperekera ndemanga

Zolankhula zanga mayi ake aziona kaye.

Masana Callum wabwera ndi kathumba kochokera kwa bambo ake. Ndimayesa ndi kachitsulo kapadera kaja. Ayi. Mwendo wa bedi lakale, ndi pensulo. Akuti ndizijambula mizere yopingasana pamwendopo, ya pensulo yokha, mpaka iwo adzakhutire. Chakuthwa chilichonse ayi. Ine, munthu amene ndinaona mzere wodutsa malire umene dziko lonse lino silinauone!

Chala chikuwawa. Mvula ikugwa. Mayi a Thoko atenga katochi kawo, mipeni aisamutsa, sakunena kumene.

Ndakhala patebulo ndi mwendo wa bedi. Mzere woyamba wakhota. Wachiwiri wakhotanso, koma mbali ina. Pensulo yake ndi yofewa, mwendo wake ndi wozungulira, kuwala kwa dziko lino n'koperewera.

Ndafufuta ndi malovu. Loweruka ndikagwira nyale.